Mwamasula wosuta, nanga wolima?

Mu Febuluwale 2015, mumzinda wa Haarlem ku Netherlands munagwa chipale chofewa, madenga onse n'kuyera mbee. Koma pa mdadada wina wa nyumba zogundana panali denga limodzi lomwe chipalecho chinakanika kukhalapo. Kumanzere kuli mbee, kumanja kuli mbee, pakati matailosi ali pamtunda. Apolisi sanavutike n'kufunsa. Atakwera m'chipinda cha m'denga anapeza munda wa chamba, nyale zamphamvu zikuyaka mpaka kutentha kwake kukutulukira pamwamba. Chithunzi cha dengalo anachiponya pa Twitter, n'kupempha anthu kuti aziponyako maso pa madenga a anansi awo.

Nkhaniyi anthu ambiri anaiseka, ndipo ndi yoseketsadi. Ine chomwe chimandigwira mtima n'chakuti mumzinda womwewo, tsiku lomwelo, munthu wamkulu akanatha kulowa m'sitolo yomwe kumeneko amati coffeeshop, kugula magalamu 5 a chamba, kulipira pa kauntala, kutuluka n'kudutsana ndi wapolisi popanda womugwira paphewa. Chamba chomwe wagulacho chinachokera m'denga ngati lomwe lija, kapena m'shedi ya kumunda kwa wina, kapena chinalowa mozemba kuchokera ku Morocco. Njira yovomerezeka yoti chifikire pa kauntalapo kunalibe.

Apa ndi pomwe pagona mkangano wonse wa malamulo ofewetsa za chamba, ngakhale okangana ambiri amapalambalala. Awa akufuula kuti chamba chimapengetsa, awo akuti ndi chomera ngati china chilichonse. Onse maso ali pa wosuta. Koma chamba sichigwa kumwamba. Pali wina amene amafesa, kuthirira, kukolola, kuyanika ndi kusenza. Dziko likanena kuti wosuta sitimumanganso, wolima n'kumusiyabe m'gulu la zigawenga, ndiye kuti lavomereza msika n'kupereka munda kwa okhawo amene saopa ndende. Walira mvula walira matope. Boma lovomera utsi livomerenso kuyang'anira munda, ndipo ngati mundawo likuuopa, lisatinamize kuti vuto lalithetsa.

A ku Netherlands anayamba ndi maganizo abwino, tisawanamizire. Mu 1976 anasintha lamulo lawo la mankhwala ozunguza bongo n'kuwagawa pawiri: oopsa kwambiri monga heroin ndi cocaine mbali ina, chamba mbali inanso. Nthawi imeneyo heroin inali itayamba kusakaza achinyamata ku Amsterdam, ndipo nzeru yake inali yakuti mnyamata wofuna chamba asamakachigule kwa munthu yemwe m'thumba linalo muli heroin. Chambacho sanachiloleze. Mpaka lero m'buku la malamulo kugulitsa kwake ndi mlandu. Chomwe chinakhazikika m'kupita kwa zaka n'chakuti oimira boma pa milandu azitsinzina dala, bola wogulitsayo asatsatse malonda, asagulitse mankhwala oopsa aja, asasowetse mtendere anthu oyandikana nawo, asagulitse kwa wosakwana zaka 18, asapatse munthu mmodzi magalamu oposa 5 pa tsiku, ndipo m'sitolo musapezeke katundu woposa magalamu 500. M'chinenero chawo amati gedogen, kulekerera choletsedwa uku ukuchiona.

Taganizirani za magalamu 500 amenewo. Sitolo ya pakati pa mzinda yomwe pa tsiku imalandira anthu mazanamazana ingathe kumaliza theka la kilogalamu dzuwa lisanapendeke. Ndiye mwini sitolo amakhala ndi nyumba ina yobisika komwe amasunga katundu weniweni, ndi mnyamata wa njinga yamoto, chikwama kumsana, yemwe amazungulira kangapo pa tsiku kudzadzaza mashelefu. Mnyamatayo akagwidwa panjira, ndi mlandu. Nyumba yosungiramo ikapezeka, ndi mlandu. Mlimi amene anagulitsa, wake ndiye waukulu. Koma katundu yemweyo akangodutsa pakhomo la kuseri n'kukhala pa sikelo ya pa kauntala, wayera. Mwini sitolo amakhoma msonkho pa phindu lake, boma n'kulandira ndi manja awiri, chonsecho sangaonetse lisiti ngakhale limodzi la komwe anapikula. Eni dziko vutoli analipatsa dzina, amati achterdeur, khomo la kuseri, ndipo akhala nalo zaka pafupifupi 50.

Mpata ukatseguka chonchi salowamo anthu aulemu. Poyamba ambiri olima anali okonda chomeracho, timitengo tochepa kuseri kwa nyumba. Apolisi atayamba kuthyola zitseko, amantha ndi ofatsa anasiya, n'kutsala olimba mtima, a ndalama ndi mfuti. Chiletso chimapeta chonchi: mlimi wofatsa amauluka ndi mankhusu, chilombo n'kutsala m'lichero. M'zigawo za kummwera monga Brabant ndi Limburg ulimi wobisa unakula n'kusanduka bizinesi ya magulu, yotumiza katundu wambiri kunja kwa dziko. Kwa zaka zambiri apolisi ankaphwasula minda ya m'nyumba masauzande angapo chaka chilichonse, koma m'masitolo mashelefu sanaumepo.

Ndipo amene amagwidwa m'denga muja kawirikawiri si mwini ndalama. Amakhala munthu womira m'ngongole, mayi wolera yekha ana, bambo yemwe ntchito inamuthera, amene anyamata ena anamufikira n'kumuuza kuti tibwereke chipinda chimodzi chokha, zipangizo ndi zathu, mawaya tilumikiza tokha, inu muzingothirira. Amabwera ndi wodziwa za magetsi kudzadumphitsa mita, chifukwa nyale za mawati mazanamazana zoyaka theka la tsiku kapena kuposa apo zingaulule chinsinsi pa bilu. Mawaya olumikiza mwachinyengo amatentha, ndipo nyumba zambiri zapsa motero, moto n'kulowerera kwa anansi osadziwa kanthu. Zikaululika, kampani ya magetsi imafuna ndalama zake zonse, eni nyumba amamutulutsa, ndipo meya ali ndi mphamvu yokhoma nyumbayo kwa miyezi. Mbewu zikabedwa kapena kulandidwa, eni zipangizo aja amabwera kudzatenga zomwe amati ndi ngongole yawo, iye kupolisi sangapite. Uku kumaso kwa sitolo mlendo wodzaona dziko akujambulitsa chithunzi, akutama dziko la ufulu.

Pali chinanso chomwe otama njira ya ku Netherlands satchula. Munda ukakhala wobisika, palibe amene amayeza zotulukamo. Mlimi wobisala malo ali nawo ochepa, chiopsezo chachikulu, choncho amafuna chamba chaukali kwambiri kuchokera m'kachipinda kakang'ono. Bungwe la Trimbos, lomwe limayeza chamba cha m'masitolo a m'dzikomo chaka ndi chaka, linapeza kuti THC, chomwe chimaledzeretsa m'chamba, inakwera kuchoka pa maperesenti osakwana 10 m'chaka cha 2000 kufika pafupifupi 20 mu 2004. Mu 2011 boma linaganiza zoika chamba choposa maperesenti 15 m'gulu la mankhwala oopsa, koma zinathera m'malere. Ungauze bwanji mlimi mlingo woti atsate pamene mwalamulo mlimiyo kulibe? Mankhwala ophera tizilombo omwe wapopera, nkhungu ya m'chipinda chachinyezi, zonsezo wosuta amakoka osadziwa.

Ndisabise, ine sindili m'gulu la amene amati chamba n'chosavulaza, ndipo mawu akuti mankhwala ofewa ndimawakayikira. Kafukufuku yemwe anatuluka mu 2019 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet Psychiatry, motsogozedwa ndi Marta Di Forti, anayang'ana anthu a m'madera angapo a ku Ulaya ndi ku Brazil, n'kupeza kuti osuta chamba chaukali tsiku ndi tsiku anali pa chiopsezo chochuluka pafupifupi kasanu chodwala misala poyerekeza ndi omwe sanasutepo. Mizinda yomwe inaonekera kwambiri inali Amsterdam ndi London, komwe chaukalicho ndiye chadzaza msika. Madokotala amanenanso kuti mwa anthu 10 oyamba kusuta, pafupifupi mmodzi amakodwa, chibaba osamusiya, ndipo mwa oyamba akadali achichepere okodwa amachuluka kuposa apo. Kholo lomwe laona mwana wake wanzeru akuyamba kulankhula yekha silidikira magazini kuti liuzidwe. Mantha ake ndi oona, ndipo wandale wowaseka sayenera voti yake.

Koma taionaninso mizinda iwiriyo. Ku Amsterdam amalekerera. Ku London amaletsa, moti kupezeka ndi chamba kungakulowetse m'ndende mpaka zaka 5, kulima mpaka zaka 14. Malamulo ndi osiyana, koma konseko chamba n'chaukali. Pomwe mizindayi yafanana m'pakuti konseko wolima ndi chigawenga, ndipo palibe boma lomwe lili ndi mawu pa zomwe akulima.

Ku Britain minda ya m'nyumba yabala nkhanza ya mtundu wina. Apolisi akathyola chitseko cha nyumba ya lendi ya mawindo omata, nthawi zambiri amapezamo mnyamata wa ku Vietnam kapena ku Albania, wogona pa matiresi m'khitchini, chitseko atamukhomera chakunja, dzina la tauni yomwe ali osalidziwa. Anabwera ndi ozembetsa anthu, ali ndi ngongole ya ulendo yoti sadzaimaliza. Kwa zaka zambiri ana otere ankaimbidwa mlandu ngati alimi a chamba. Mu Febuluwale 2021 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu, ku Strasbourg, linagamula kuti Britain inalakwa pozenga mlandu anyamata awiri a ku Vietnam omwe anagwidwa ali ana pa nkhani za minda yotere, m'malo mowateteza ngati anthu ogulitsidwa. Amene amati tingokhwimitsa chilango ayambe wayankha kuti chilangocho chakhala chikugwera ndani.

Ayankhenso kuti chaphula chiyani. Pangano la mayiko la 1961 linaika chamba m'gulu la mankhwala oletsedwa kwambiri, n'kupatsa mayiko omwe anthu ake ankasuta mwachikhalidwe zaka 25 kuti athetse mchitidwewo. Zaka 25 zinatha kalekale. Lero nthambi ya United Nations yoona za mankhwalawa, UNODC, imati osuta padziko lonse amaposa 200 miliyoni. Mu Disembala 2020 mayiko anavota moperewerana pang'ono, 27 kwa 25, kuchotsa chamba pa mndandanda wa mankhwala oopsetsetsa, ngakhale kusuta kosangalala nako kukadali koletsedwa m'panganolo. Mbewu yomera m'phiri, m'chigwa, m'chidebe ndi m'denga sungaithetse ndi helikopita.

Chodabwitsa n'chakuti mayiko ambiri omwe akufewetsa malamulo akuponda pomwe anzawo anaterereka. Portugal mu 2001 inasiya kuzenga milandu anthu opezeka ndi mlingo wochepa wa mankhwala aliwonse, ndipo zinathandiza kwambiri pa nkhani ya heroin ndi kachilombo ka HIV, koma kulima kukadali mlandu. Ku Spain kusuta m'nyumba mwako si mlandu, makalabu a osuta ali mbwee mu Barcelona, uku minda yobisa ikuba magetsi mpaka mathiransifoma kupsa. Ku Cañada Real, kunja kwa Madrid, anthu masauzande, ana ali momwemo, analowa mumdima mu Okutobala 2020 n'kukhalamo zaka, kampani ya magetsi ikuloza chala minda ya chamba kuti ndiyo ikulemetsa nthambo. Olima anali ochepa, koma chisanu chinaluma onse.

Ya ku South Africa ndiye imandipweteka. Khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mu Seputembala 2018 kuti munthu wamkulu ali ndi ufulu wosuta ndi kulima chamba chake pamalo pake. Kugula ndi kugulitsa kunatsala koletsedwa, ndipo lamulo lomwe pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina mu Meyi 2024 silinasinthe zimenezo. Tsono wa mpanda ndi kapinga ku Cape Town akhoza kudzala timitengo take mwamtendere. Mayi wa ku Mpondoland, m'chigawo cha Eastern Cape, yemwe banja lake ladalira chamba kuyambira makolo, yemwe minda ya kwawo apolisi ankaipopera mankhwala ndi helikopita, akasenza thumba kuti akagulitse akadali wolakwa. Ufulu unafika kwa wosuta pofuna kusangalala, n'kumudumpha wolima pofuna kudya.

Germany inayesako kutseka khomo la kuseri, koma mwamanyazi. Kuyambira pa 1 Epulo 2024 munthu wamkulu akhoza kuyenda ndi magalamu 25, kusunga 50 kunyumba ndi kudzala mitengo itatu, ndipo kuyambira Julayi chaka chomwecho makalabu a mamembala osaposa 500 akhoza kulimira anthu awo. Masitolo kulibe. Nanga wosuta wa apo ndi apo, wokhala m'kachipinda ka lendi, wosafuna kukalembetsa dzina ku kalabu, akagula kuti? Kwa yemwe ankagulako kale. Mapanga awiri avumbwitsa.

Tsono ndisamveke ngati ndikuti kungololeza zonse ndiye kwatha. California ndi umboni wowawa. Anavota mu 2016, masitolo n'kutsegulidwa mu Januwale 2018, koma patapita zaka malonda a mseri anali akuposabe ovomerezeka. Zifukwa zake si zachinsinsi: misonkho yokwera, ziphaso zodula ndi zochedwa, mizinda yoposa theka kukana masitolo m'madera awo, komanso chamba chambiri chimalimidwira misika ya m'zigawo zina za America komwe n'choletsedwabe. M'nkhalango za boma alimi obisala amapatutsa timitsinje n'kuthira poizoni woletsedwa monga carbofuran, yemwe amapulula nyama zakutchire. Mu Januwale 2024 anthu 6 anapezeka ataphedwa m'chipululu cha m'dera la San Bernardino, apolisi n'kunena kuti unali mkangano wa chamba. Khomo analitsegula, koma lopanikiza, moti alimi ang'onoang'ono ambiri omwe anapirira zaka zonse za chiletso analephera kulowa, ena analowa n'kugwa ndi ngongole.

Thailand inagwera mbali inayo. Mu Juni 2022 inachotsa chamba pa mndandanda wa zoletsedwa lamulo loyendetsera malonda lisanakonzedwe, boma n'kumagawa mbande kwaulere. Masitolo anatsegulidwa masauzande. Pofika Juni 2025 boma linabweza moto, n'kulamula kuti wogula azionetsa kalata ya dokotala. Amenewo anatsegula khola asanapeze mbusa.

Omwe anayesa kuyankha funso la munda mosazemba ndi Uruguay ndi Canada. Uruguay, mu ulamuliro wa José Mujica, inakhazikitsa lamulo mu Disembala 2013 lotsata ulendo wonse wa chamba, kuchokera ku mbewu mpaka m'manja mwa wogula. Munthu amalembetsa n'kusankha njira imodzi mwa zitatu: kudzala mitengo 6 kunyumba, kulowa kalabu ya anthu 15 mpaka 45, kapena kugula ku famasi magalamu osaposa 40 pa mwezi. Kutsatsa malonda n'koletsedwa, alendo odzaona dziko sawagulitsa, ndipo mtengo ndi ukali wa chamba cha ku famasi amaika ndi boma. Zinayenda mwaukamba. Mafamasi anayamba kugulitsa mu Julayi 2017, ena n'kusiya mabanki atawaopseza kuti awatsekera maakaunti poopa malamulo a ku America. Chamba choyamba chinali chofooka moti osuta ambiri anapitiriza kugula kwa anzawo, mpaka boma linachita kuwonjezera ukali wake. Komabe chamba chopanikizidwa ngati njerwa chochokera ku Paraguay, chomwe kale chinali ponseponse, chinachepa kwambiri pamsika.

Canada inatsegula pa 17 Okutobala 2018, njira yake ya makampani ndi masitolo. Chaka choyamba masitolo anali ochepa, katundu wodula, anthu n'kumagulabe kwa wakale uja. Masitolo atachuluka, mtengo n'kutsika, zinthu zinatembenuka, ndipo pofika 2023 osuta pafupifupi 7 mwa 10 aliwonse ankauza ofufuza a boma kuti amagula movomerezeka. Msika wa zigawenga unachepadi. Koma zowawa zinatulukira kwina. Ana aang'ono ofika kuchipatala atadya maswiti ndi mabisiketi a chamba anachuluka, makamaka m'zigawo zomwe zinalola zakudya zoterezi. Ndipo makampani a chamba, monga a fodya ndi mowa, phindu lawo lalikulu amalipeza kwa osuta tsiku ndi tsiku. Kampani ya masheya singapemphere kuti anthu azisuta pang'ono. N'chifukwa chake ine ndimakondera njira ya Uruguay, yotopetsa, ya mafomu ndi mizere, kusiyana ndi yosiyira makampani opikisana.

Funso lomwe limandisowetsa tulo kuposa onsewa lili kwa mlimi wa m'mapiri a mayiko osauka, amene wadyetsa msika zaka zonsezi. Lesotho inakhala dziko loyamba mu Africa kupereka ziphaso zolimira chamba cha mankhwala mu 2017. Zimbabwe inatsatira mu 2018, Malawi mu 2020. Konseko nyimbo inali imodzi, ya ndalama zakunja ndi ntchito. Konsekonso chiphaso chinabwera ndi mtengo wa madola masauzande, osawerengera mpanda, alonda ndi kuyezetsa komwe ogula a ku Ulaya amafuna. Amene angakwanitse zimenezi ndi kampani yobwera ndi ndalama za kunja, kapena munthu yemwe thumba lake ndi lonona kale. Mlimi wa kumapiri a Lesotho yemwe amaphunzitsa ana ndi ndalama ya matekoane, dzina la chamba kumeneko, amene amaidziwa mbewuyo kuposa katswiri aliyense wobwera pa ndege, amaonera kunja kwa waya, kapena amalembedwa ganyu yothirira. Phiri ndi lomwelo, chomera n'chomwecho. Cha mkati mwa mpanda amachitcha chitukuko, cha kunja kwa mpanda amakachionetsa kukhoti ngati umboni.

Morocco yachitako bwino, ndipo ndi yoyenera kuiyang'anitsitsa. M'mapiri a Rif mabanja masauzande ambirimbiri akhala akulima chamba chomwe amapangira hashi, utomoni wa chamba woumbidwa, wopita ku Ulaya, ambiri apolisi ali ndi zikalata zowamangira, moti ena ankaopa ngakhale kupita ku ofesi ya boma kukatenga chitupa. Lamulo la 2021 linalola ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, ndipo analoza zigawo zitatu zokha za komweko, Al Hoceima, Chefchaouen ndi Taounate. Chiphaso cholimira amapatsa mlimi wa m'deralo kudzera m'makopaletivi, wobwera ndi chikwama cha ndalama angathe kugula zokolola koma munda ukhale wa eni ake. Mu Ogasiti 2024 Mfumu Mohammed VI inakhululukira anthu oposa 4,800 omwe anamangidwa kapena ankafunidwa pa milandu yolima chamba. Kukhululuka kumeneko n'kofunika kuposa momwe kukuonekera. Sungaitanire munthu ku msika wovomerezeka dzina lake lili pa mndandanda wa ofunidwa ndi apolisi.

Ndiye mukandifunsa chomwe ndikufuna, sindiyambira kwa wosuta. Ndiyambira pa chiphaso chomwe mlimi wa ekala imodzi angachikwanitse, payekha kapena m'gulu, ndi kufufuta milandu yakale ya olima ang'onoang'ono. Pakhale malire a kukula kwa munda, kuti makampani awiri atatu asameze msika wonse. Chamba chiziyezedwa, ukali wake ulembedwe pa paketi, chaukali kwambiri chikhomedwe msonkho wowawa kapena chiletsedwe ndithu. Kutsatsa kusakhaleko n'komwe, maswiti okopa ana asaloledwe, wogulitsa kwa mwana alandidwe chiphaso tsiku lomwelo. Msonkho wa chamba wamba uyambe wotsika kuti wamseri asowe phindu, ndipo gawo lake lipite ku zipatala za matenda a maganizo, zomwe m'mayiko ambiri zimalandira makombo pogawa ndalama. Apolisi akapumula kuthamangitsa ndudu, apeze nthawi ya ozembetsa anthu, akuba magetsi ndi owononga nkhalango, chifukwa amenewo sadzatha okha.

Wina anganene kuti dziko lake silinakonzeke, zipatala n'zochepa, oyang'anira malamulo amagulika, choncho bola chiletso. Ameneyo ndingakhale naye pansi, chifukwa akunena chinthu chogwirika, ngakhale ndingamukumbutse kuti ziphuphu zomwezo ndi zomwe zimadutsitsa matumba pa malodibuloko a chiletsocho. Amene sindimupirira ndi wandale wofuna kudya uku ndi uku: achinyamata a m'tauni amuombere m'manja kuti ndi womasuka maganizo, mawa lake n'kukajambulitsa pambali pa mulu wa chamba chomwe apolisi akutentha kuti aoneke wolimba. Iye sagona m'denga, sasenza thumba, ndipo mwana wake akagwidwa ndi ndudu nkhani imathera pa foni.

A ku Netherlands nawo anafika potopa. Mu 2014 atsogoleri a mizinda yambiri, motsogozedwa ndi a ku Utrecht, Eindhoven ndi Heerlen, anasaina chikalata chopempha kuti aloledwe kuyang'anira ulimi wa chamba. Nduna ya zachilungamo ya nthawiyo, Ivo Opstelten, inakana. Panadutsa zaka zina pafupifupi 10 kuti kuyesa kuyambe. Mu Disembala 2023 masitolo a ku Breda ndi Tilburg anayamba kulandira chamba cholimidwa ndi alimi a ziphaso, chili m'mapaketi olembedwa ukali wake, choti ungachilondole mpaka kumunda komwe chinachokera. Kuyambira Epulo 2025 masitolo a m'mizinda 10 yomwe ili m'ndondomekoyi amayenera kugulitsa chovomerezeka chokha, ndipo kuyesaku anakuikira zaka 4. Amsterdam, komwe kuli masitolo ochuluka kuposa mzinda wina uliwonse, mulibe m'ndondomekoyi. Kumeneko njinga zamoto zija zikuzungulirabe.

Tsiku loyambira la mu Epulo 2025 lija litayandikira panabuka vuto lomwe likanamuseketsa mlimi wa ku Rif akanalimva. Eni masitolo anadandaula kuti hashi wopangidwa ndi alimi a ziphaso ndi wochepa, komanso sakufika pa uja wa ku Morocco yemwe makasitomala anazolowera, ndipo boma likawakakamiza anthu abwerera kwa ogulitsa a mumsewu. Boma linamva, n'kulola kuti kwa miyezi ingapo hashi wozembetsedwa apitirire kulowera kukhomo la kuseri. Mlimi wodziwa kupanga hashi ameneyo mwina tsopano ali ndi chiphaso cha boma lake, ndipo sitolo yomwe ikumufuna ili ndi chilolezo cha boma lake. Koma chiphaso cha ku Morocco ndi cha mankhwala ndi mafakitale basi, ndipo ndondomeko ya ku Netherlands silola katundu wochokera kunja. Pakati pa awiriwa pakadali boti laliwiro lowoloka nyanja usiku, nyale zitazimitsidwa, kulunjika ku gombe la Spain.